Khirisimasi ku Nyanga, Zimbabwe: alipo anapitako nyengo ya mvula?

Aphunzitsi_Chilomoni

Moni nonse. Pali maganizo amene akundisowetsa tulo, ndiye ndati ndifunse kaye kwa inu amene munayendako ndisanataye ndalama.

Ndimaphunzitsa History pasekondale ina muno mu Blantyre. Kwa zaka 11 zotsatizana Khirisimasi takhala tikukadyera kumudzi ku Ntcheu, ndipo mukudziwa mmene zimakhalira: thumba la mpunga, mbuzi, makireti a zakumwa, shuga wa azakhali, chitenje cha apongozi. Pobwerera mu Januwale m'thumba muli pululu, fizi ya ana ikukuyang'ana. Chaka chino mayi akakhala kwa mlongo wanga ku Kasungu, ndiye kwa nthawi yoyamba ine, mayi akunyumba ndi ana athu awiri (wazaka 14 ndi wazaka 9) tili ndi mpata wopita kwina.

Chimene chikundikankha ndi ichi. Chaka ndi chaka ndimaima kutsogolo kwa ana n'kumawauza za Great Zimbabwe, za Mwenemutapa, za malonda a golide ndi minyanga, koma ngakhale mwala umodzi wa kumeneko sindinaugwirepo. Teremu yathayi mwana wina wa Fomu 1 anakweza mkono n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, inuyo munakafikako?" Ndinangoti tsegulani tsamba lotsatira.

Mnzanga wina anandiuza kuti ndisamangoganiza za Masvingo yokha, kumene kuli Great Zimbabwe. Akuti ku Nyanga, kumapiri a kum'mawa kwa Zimbabwe, kuli mabwinja a miyala odzaza mapiri athunthu, ndipo n'kozizira ngati ku Dedza kapena pamwamba pa Zomba. Ana akufuna mapiri ndi mathithi, ine ndikufuna miyala, mayi awo akufuna kupuma osatsuka mbale za anthu 30.

Ndiye ndithandizeni. Kodi Disembala kumeneko n'koyendeka, kapena tikangokhala m'nyumba kuonerera mvula? Galimoto yanga ndi ka Toyota Sienta, kodi kakafika? Nanga mabwinjawo ndi oti munthu n'kuwolokera malire awiri, kapena ndi milu ya miyala chabe ngati imene timaunjika m'mphepete mwa munda? Komanso tsiku la Khirisimasi lenilenilo tikufuna tikapemphere, ife ndi a CCAP. Tili ndi masiku 8, kuyambira pa 21.

Madala_a_Tete_Run

Bwana aphunzitsi, ine za miyala sindinenapo, ndinena za msewu, chifukwa njira ya Tete ndayendamo ndi thiraki zaka 16.

Sienta ikafika, bola matayala akhale abwino ndipo sipeya ikhale yeniyeni, osati kaja kowonda ngati bisiketi. Nyamukani ku Blantyre kusanache kuti mukafike pa geti ya Mwanza m'mamawa. Mukadinditsa ku Zobue ndi ulendo wa ku Tete, muwoloka Zambezi, kenako Changara, Cuchamano, n'kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda. Blantyre mpaka Harare ndi makilomita ngati 600, koma musawerengere makilomita, werengerani mageti. Mageti anayi amatha kukudyerani theka la tsiku.

Mwayi wanu ndi wakuti mukuyenda mosemphana ndi chigulu. Sabata imeneyo mabasi ochokera ku Joni amakhala akukwera kumudzi, odzaza mpaka ngolo zakumbuyo, mafiriji, matiresi, njinga. Inu mukutsika. Pobwerera nakonso mukhala mwadutsa iwo asanayambe kubwerera kuntchito. Komabe mukapeza mabasi atatu atafika nthawi imodzi pa geti, ingogulani madzi, khalani pamthunzi.

Mapepala: mapasipoti a nonse (viza sitifuna, ku Mozambique ngakhale ku Zimbabwe), zikalata za kubadwa za ana, bulubuku, kalata ya apolisi yotsimikiza kuti galimoto ndi yanu, ndi laisensi. Geti iliyonse akupatsani chilolezo cholowetsera galimoto kwakanthawi. Inshuwalansi ya COMESA imagwira ku Zimbabwe koma ku Mozambique ayi, chifukwa iwo sali mu COMESA, ndiye mugula yawo pa geti. M'galimoto musasowe matirayango awiri, jekete yonyezimira ija, ndi chozimitsira moto. Ndipo mukaona chikwangwani cha 60, yendani 55. Ine ndinalipirapo chindapusa chifukwa chothamangira kuti ndikagone kutsidya, ndipo wolakwa ndinali ine.

Ku Tete Disembala kumatentha ngati mwalowa mu uvuni. Madigiri 40 si nkhani kumeneko. Tengani madzi ambiri ndi timameticais tochepa ta pamlatho ndi buledi wawo uja, pão. Ku Zimbabwe tengani madola a ku America, ang'onoang'ono, a 1, a 5, a 10, osang'ambika. Ali ndi ndalama yawo ya ZiG imene anayambitsa mu 2024, koma dola ndi imene aliyense amailandira. Kwacha isiyeni kunyumba.

Chinthu chimodzi chokha ndikupempheni. Foni ikuonetsani kanjira kachidule kochoka cha ku Nyamapanda kutsetsereka kummwera kudzera ku Ruwangwe mpaka ku Nyanga. Pamapu kamaoneka kokoma. Nyengo ya mvula ndi ana m'galimoto yotsika choncho, musakayese. Pitani ku Harare, mukagone, m'mawa mugwire msewu wa Mutare kudutsa Marondera mpaka Rusape, pamenepo mukhote kumanzere. Harare mpaka Nyanga ndi ngati 270, tala yekhayekha. Njira ina ndi yokhota pa Changara kudzera Guro ndi Catandica mpaka geti ya Machipanda n'kutulukira ku Mutare, koma mathiraki a ku Beira ndi ambiri ndipo maenje ake amafuna munthu wowadziwa.

Musananyamuke mufunsenso ngati ku Mozambique kuli bata. Mukukumbuka Disembala wa 2024, chisankho chawo chitavuta, anzathu amatanki anagona masiku panjira.

Nachisale_wa_ku_Mutare

Aphunzitsi, ndakondwa kuona munthu wakumudzi akufunsa za Nyanga. Mundikhululukire Chichewa changa chikapotoka, ndinabadwira konkuno ku Sakubva mu Mutare ndipo tsiku lonse ndimayankhula Chishona. Bambo anga anali a ku Dedza, anabwera kuno mu 1961 kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya cha ku Rusape, kenako m'nkhalango za paini, ndipo sanabwererenso. Aja mumawatcha matchona aja.

Mwafunsa ngati ndi milu ya miyala ngati ya m'mphepete mwa munda. Mwalasa osadziwa. Ndi miyala ya m'munda ndithu. Mukapita ku Nyanga mukuyembekezera nyumba ya mfumu mukakhumudwa. Kumeneko n'kwa alimi, ndipo chifukwa chake ine ndimati nyengo ya mvula ndiye yabwino kukaona. Ndifotokoze ndi zimene zinatichitikira.

Mu 2019 ine ndi mchimwene wanga tinawatenga bambo kukadya Khirisimasi kumeneko. Anali ndi zaka 79, mwendo ukuvuta kale. Tinabwereka kanyumba kodziphikira tokha mkati mwa paki ya Nyanga National Park, ka chitofu cha nkhuni. Pa 24 masana tinapita kukaona limodzi mwa maenje akale a miyala otchuka kumeneko, lomwe analikonzanso n'kumangirapo tinyumba ta udzu kuti alendo aone mmene pankakhalira. Lili kufupi ndi kumene kunali famu ya Cecil Rhodes.

Ndi dzenje lozungulira, lomangidwa ndi miyala mkati monse popanda dothi kapena simenti, lakuya kuposa munthu wamtali, kukula kwake ngati chipinda chachikulu. Sanachite kukumba pansi kwenikweni ayi. Anasankha pamtsetse n'kumanga chiunda cha miyala ndi dothi kuzungulira, dzenje n'kutsala pakati, nyumba n'kukhala pamwamba pa chiundacho. Kulowa kwake ndi kanjira kapansi kokhota, kofoleredwa ndi miyala yaphanthiphanthi, koti munthu wamkulu alowe chowerama mapewa akukhuza uku ndi uku. Azungu oyamba ankawatcha maenje a akapolo, ndipo dzinalo linakhala m'mabuku a alendo zaka zambiri.

Wotiperekeza asanatsegule pakamwa, bambo anasuzumira, ndodo ili m'manja, n'kunena kuti, "Ili ndi khola ili." Mchimwene wanga anaseka, akuti ng'ombe ingalowe bwanji pakabowo kotere. Bambo sanamuyankhe. Analoza ndi ndodo kadzenje kena kakang'ono pansi pa khoma, mbali yakumunsi, n'kufunsa kuti, "Nanga ako n'kachiyani?" Wotiperekeza uja ndiye anafotokoza kuti ofufuza anapeza mafupa a ng'ombe zazing'ono kwambiri, zazifupi kuposa zathu za masiku ano, ndipo ambiri tsopano amavomereza kuti zinkagona mmenemo. Anatisonyezanso mpata padenga la kanjira kaja, wotulukira m'nyumba ya mwini khola. Usiku ankatsitsiramo mitengo kutseka njira. Wakuba kapena fisi akagwedeza, mwini wake amva ali pamphasa.

Tili pomwepo kunachita mdima, mphenzi kung'anima, mvula n'kugwa ya madontho akuluakulu ija. Tinabisala pakhonde la kanyumba kamodzi mphindi ngati 40. Itakata, bambo anakakamira kuti tizungulire kumunsi kwa chiunda. Tinawagwira mikono uku ndi uku, udzu ukuterera. Tinapeza madzi akutuluka pakadzenje kaja, ofiirira, akuyenda bwinobwino kutsetsereka kumene kale kunali dimba. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana. Kenako anati, "Ndowe zonse zimapita ku ndiwo popanda wosenza. Anthu awa anali aulesi wanzeru." Mpaka pano kunyumba kwathu munthu akapeza njira yachidule yogwirira ntchito timamunena mawu amenewo. Bambo anatisiya mu 2022.

Mukanapita mu Ogasiti mukanaona dzenje louma ndi kabowo, basi.

Tsiku la Khirisimasi tinapemphera ku Anglican, chifukwa dera limenelo ndi la Anglican, Katolika ndi Methodist kwambiri. Bonda Mission ili kufupi ndi Juliasdale, ya Anglican. CCAP kuno iliko, tili ndi Sinodi ya Harare yomwe anaiyambitsa ndi makolo athu omwewa, ndipo nyimbo timaimba za m'Chichewa, koma mipingo yake ili m'matauni, m'migodi ndi m'mafamu momwe munali anthu akumudzi. Ngati mugona ku Harare Lamlungu, funsani CCAP ya ku Mbare kapena Highfield, akakulandirani ngati abale. Ku Nyanga ingolowani tchalitchi chimene mwachipeza. Chimanyika, Chishona cha kumeneko, mukamvako pang'ono, mawu ambiri ndi apachibale. Mukakumana ndi akuluakulu ombani m'manja, nenani "Makadii", m'mawa "Mangwanani". Chakudya cha tsikulo n'chimodzimodzi kwanu, mpunga ndi nkhuku, kungoti kuno pamakhala Mazoe pamene inu mumaika Sobo.

Pa 26 tinapita ku Ziwa. Kumeneko ndiye kwa inu aphunzitsi. Ndi kumpoto chakumadzulo kwa tauni ya Nyanga, kumunsi, kotentherapo, ndipo chigawo chomaliza cha msewu ndi chafumbi. Nyamukani 6 koloko, chifukwa mvula yathu imakonda masana. Malowo ndi mahekitala opitirira 3,000, ali m'manja mwa a National Museums and Monuments, ndipo pali kanyumba kosungiramo zakale ndi anthu operekeza alendo. Kale ankawatcha Van Niekerk Ruins, potengera mzungu amene anaperekeza David Randall-MacIver mu 1905. Randall-MacIver ameneyu mukumudziwa, ndi uja anakwiyitsa atsamunda ponena kuti Great Zimbabwe anamanga ndi anthu akuda. Pambuyo pake Roger Summers anakumbako cha m'ma 1950, ndipo Robert Soper anafufuza kwambiri m'ma 1990.

Mukaima pamalo okwera n'kuyang'ana, poyamba mumangoona tchire ndi miyala. Maso akazolowera mumazindikira kuti phiri lonse ndi masitepe, mzere pamwamba pa mzere, kuchokera pansi mpaka kumene maso alekezera, ndipo phiri lotsatira chimodzimodzi. Masitepe ena ndi opapatiza, mita imodzi kapena awiri. Ankazula miyala m'nthaka kuti apeze polima, miyala yomweyo n'kumangira khoma loletsa dothi kukokoloka. Ankalima mapira, mawere, khobwe, nzama. Pakati pa minda pali tinjira totchingidwa ndi makoma mbali zonse ziwiri, kuti ziweto zidutse osadya mbewu za eni ake. Pali miyala ya mphero yokumbika ndi kupera, pali ng'anjo zosungunulira chitsulo, zina zoumbidwa ngati thupi la mayi, mabere ndi zonse. Mwana wanu wamng'onoyo akafunsa mafunso pamenepo, konzekani.

Bambo sanathe kukwera, tinawasiya pamthunzi. Titabwerako anati alangizi a zaulimi ankawavutitsa ku Dedza ali mnyamata, nthawi ya atsamunda, kuti apange migula, osapanga ankalipitsidwa, ngati kuti munthu wakuda sankadziwa kuti madzi amatsetsereka. Ziwa yambiri ndi ya zaka za m'ma 1600 ndi 1700, ndipo kumtunda kuli midzi ina yakale kuposa pamenepo, ya m'ma 1300. Zonse pamodzi zafalikira dera la masikweya kilomita masauzande angapo.

Kwa ana: Nyangwe Fort, pamwamba pa damu la Mare, ndi linga la miyala lokhala ndi timawindo ting'onoting'ono, kukwera kwake n'kosavuta. Mathithi a Nyangombe ali pafupi. Mutarazi, mathithi aatali kuposa onse mu Zimbabwe, opitirira mamita 700, akugwera ku chigwa cha Honde kumene kuli minda ya tiyi ngati ya ku Thyolo. Disembala amakhala odzaza madzi. M'madamu muli nsomba za trout ngati za pa Zomba. M'mbali mwa msewu cha ku Juliasdale mugula mapichesi, mbatatesi, bowa, ndi masuku, kuno timati mazhanje. Tengani majuzi ndi majombo. Usiku mufunda bulangete ngakhale ndi dzinja.

Mayi_a_Tadala_Area25

Pepani a Nachisale, nkhani ya bambo anu yandikhudza, koma aphunzitsi amve mbali inanso.

Ife tinapitako Disembala wina ndi bambo a kunyumba. Masiku atatu athunthu nkhungu ili tolo. Ija ya ku Thyolo timaitcha chiperoni ija, kumeneko amati guti, kungoti yawo siidziwa kutsanzika. Tinakwera mpaka ku World's View, malo amene amati umaona dziko lonse, tinalipira pa geti, ndipo chimene ndinaona ndi mpanda ndi nsana wa amuna anga. Zovala za mwana sizinaume sabata yonse. Malo amene tinagona anatilipiritsa pafupifupi kawiri mtengo wa masiku onse chifukwa anthu a ku Harare amathamangira komweko pa holide, denga la bafa likudontha, magetsi akuzimazima. Ndipo tinachita mwayi kupeza malowo, ambiri anali atadzaza kuyambira Okutobala. Inu mukufunsa lero, mwayamba kale kuimba mafoni?

Ku Ziwa sitinafike n'komwe. Tinabwerera panjira, matope.

Ine ndikanakhala inu, mphunzitsi amene mwana anamufunsa za Great Zimbabwe, ndikanapita ku Great Zimbabwe. Mwanayo sanafunse za khola la ng'ombe. Kuchoka ku Harare kupita ku Masvingo ndi makilomita ngati 300, mabwinjawo ali ngati 30 kuchoka m'tauni, msewu watala mpaka pa geti. Ngakhale mvula igwe, khoma la mamita 11 silibisika. Mukalowa kanjira kopapatiza kaja pakati pa makoma awiri a linga lalikulu lotchedwa Great Enclosure n'kutulukira pa nsanja yozungulira ija, thupi limachita tsemwe. Mukwera paphiri pamene panali mafumu, muona mbalame zosema zija zili pa mbendera yawo. UNESCO inawaika pamndandanda wake wa malo ofunika padziko lonse mu 1986, pomwe Ziwa ikadali pamndandanda wodikira. Nyanja ya Mutirikwi ili pompo, ana akaone madzi.

Chinanso, ndinene ngati mayi. Khirisimasi ya kuchilendo imasungulumwitsa. M'mawa wa pa 25 ndinaimbira foni kumudzi ku Mchinji, ndikumva ana akuimba kuseri, ng'oma, mayi anga akukalipira wina kuti nkhuku yapsa, ine ndili pakhonde ndi kapu ya tiyi kuyang'ana nkhungu. Ndinalira. Mayi akunyumba kwanuwo mwawafunsa bwinobwino, kapena angovomera chifukwa cha mbale 30 zija?

Nachisale_wa_ku_Mutare

Amayi a Tadala sakunama, guti ikakhazikika imatha masiku. Ndi mwayi. Ife tinapeza m'mawa mowala masiku atatu mwa anayi, iwo anapeza zinazo. Za malo ogona akunenanso zoona, kuno pa 22 Disembala ndi holide ya Unity Day, ndiye anthu amalumikiza mpaka pa 26. Yambani ndi tinyumba ta m'paki, ndi totsikirapo mtengo ndipo mumaphika nokha. Mukalephera, gonani ku Mutare kapena ku Rusape muzipita m'mawa. Kuchokera ku Mutare ndi ola limodzi ndi theka, ndipo potuluka m'tauni mudzadutsa pa Christmas Pass, pamene atsamunda anamanga misasa pa Khirisimasi ya 1890. Ana ajambulitse pachikwangwani.

Koma sindikuona chifukwa chosankhira chimodzi. Ndi masiku 8 mungathe zonse. Kuchoka ku Mutare kupita ku Masvingo ndi ngati makilomita 300, kudzera pa Birchenough Bridge, mlatho wachitsulo wa 1935 pamtsinje wa Save. Kungoti yambani ndi Nyanga. Mukayamba ndi makoma a mamita 11, masitepe a alimi akaoneka ngati masewera.

Ndinaiwala za phiri la Nyangani, lalitali kuposa onse kuno, mamita 2,592. Sapitwa wanu, wa 3,002, amaliposa, ndipo nkhani zake n'zofanana: osaloza chala, osatukwana, ukaona chachilendo ungokhala chete. Anthu anasowapo ndithu pamenepo osapezekanso. Kaya ndi mizimu kaya ndi nkhungu imene imatseka njira pamphindi zochepa, ine sindikangana ndi aliyense. A paki amafuna mukwere ndi wokuperekezani ndipo muyambe m'mawa. Mwezi uno, ndi mphenzi zake, ndi mwana wazaka 9, ine ndikanangoliyang'ana chapatali.

Aphunzitsi_Chilomoni

Zikomo kwambiri nonse, mwandipatsa zambiri kuposa zimene ndinapempha.

Amayi a Tadala, funso lanu ndinalipititsa kwa eni ake usiku wathawu. Ayankha kuti ngati kulira kulipo akalirira konko, bola manja ali ouma. Koma awonjezera lamulo lakuti mbuzi ya kumudzi itumizidwebe, ndiye ndalama imene ndimati ndapulumutsa yachepa kale.

Tagwirizana motere. Pa 21 Blantyre mpaka Harare, tsiku lotsatira kupuma ndi kufunafuna abale a CCAP aja. Pa 23 Nyanga, kukhala mpaka m'mawa wa pa 26. Ziwa tiyesa m'mawa woyamba umene kukhale kowala, osadikira tsiku lomaliza. Kenako Mutare, Birchenough, Masvingo, tsiku limodzi lathunthu ku Great Zimbabwe, n'kubwerera kudzera ku Harare. Ndikuona kuti masiku 8 asanduka 9, ndipo Madala mundiuze ngati Masvingo mpaka Nyamapanda tsiku limodzi n'zotheka ndi ana, kapena ndikudzinamiza. Kanjira ka Ruwangwe ndakafufuta. Kalata ya apolisi ndikayamba kuithamangira Lolemba, ndipo matayala awiri akutsogolo ndisintha.

A Nachisale, pepani za bambo. Agogo anga aamuna nawonso analowera komweko cha m'ma 1950, kalata yomaliza inachokera ku Rusape, ndipo kumudzi mpaka lero akamatchula dzina lawo amatsitsa mawu. Sindikuyembekeza kupeza kanthu, koma podutsa pa Rusape ndiimitsa galimoto. Ndakutumizirani uthenga kumbali za tinyumba ta m'paki tija. Ndiuzeninso ngati chitofu cha nkhunicho nkhuni zake amapereka, kapena tigule panjira.